Galu wa Masiku Khumi

Galuyo anali atagona chammbali pansi pa mtengo wa mango, chingwe cha khonje chili m'khosi. Sankagwedezeka. Ntchentche ziwiri zinkayenda pa khutu lake.

Filomena anaima patali, pafupi ndi nkhokwe, atapinda manja pachifuwa. Masiku khumi apitawo galu wa a Maliko analuma mwana wake, Stelia, pa katumba, mwanayo akuchokera kuchigayo. Tsiku limenelo iye anali m'chigafa cha pa esiteti akusankha fodya, ndipo anangoona mwanayo akubwera naye ali kumsana kwa mayi wina. Kapitawo anamulola kupita kuchipatala basi. Kuno kwa a Maliko anali asanafikeko mpaka lero.

Kuchipatala anatsuka balalo n'kumuuza zoona zake. Jakisoni wa chiwewe amene anatsala m'fuliji anali wa munthu mmodzi, koma olumidwa anali ambiri. Choncho galu amangidwe masiku khumi. Galu wachiwewe sadutsa masiku amenewo. Akafa, Stelia abayidwa. Akakhala wamoyo, mankhwalawo apita kwa wina. Mawu omaliza anali a alangizi a ziweto, ndipo anayenera kukhala olembedwa.

Kwawo ku Phalombe, Filomena anaonapo munthu akufa ndi chiwewe. Anam'mangirira pabedi ndi zitenje. Ankakuwa akangoona kapu ya madzi.

A Maliko anakhala pakhonde akuswa mtedza, maso ali m'lichero. Akazi awo, a Esitele, ankasesa malo amene anali atasesa kale. Anangopatsana moni. Kuno ku Kapondo aliyense ankanena kuti mwini galu wachiwewe amakagona m'chitokosi, ndipo Filomena anali atatumiza kale mawu oti mwana wake akangodwala, nkhani ikathera kupolisi.

Dzuwa litafika pamutu, njinga yamoto inamveka kumsewu. Anali a Jonasi, alangizi a ziweto, amene dera lawo linkafika mpaka kumalire a Zambia. Lamulo lomanga galu analitumiza pakalata, chifukwa sabata imeneyo anali ku dibi ya ng'ombe.

"Wodwala wathu ndi ameneyu?" anafunsa akuvula chipewa.

"Ndi yemweyo, adokotala," anayankha a Maliko.

"Wakhala akudya?"

"Kuposa ine."

A Jonasi sanaseke. Anavala magolovesi, n'kutenga ndodo yaitali yokhala ndi chingwe kumapeto. Anauza onse kuti abwerere m'mbuyo. Anayandikira pang'onopang'ono, akuimba kamluzu. Galuyo sanadzutse mutu.

Filomena anayang'ana dzuwa. Anayamba kuwerengera mumtima. Minibasi ya ku Boma imadutsa cha m'ma thu koloko. Stelia ali kunyumba, mtunda wa ola limodzi. Akathamanga angathe kuipeza.

A Jonasi anagogoda pansi ndi ndodo. Galuyo anatsegula diso limodzi. Kenako anadzuka mwaulesi, anadziwongola, n'kuyasamula. Alangiziwo anayang'anitsitsa m'kamwamo. Munalibe dovu. Chibwano sichinali cholendewera. Anamuyendetsa mozungulira mtengo kuti aone miyendo yakumbuyo, ndipo inkaponda bwinobwino. Anam'ponyera chimanga chophika, iye n'kuchiwakha chisanagwe.

"Madzi, mayi."

A Esitele anabweretsa beseni. Madzi ena anatayikira pa chitenje chawo. Analiika pansi n'kulikankha ndi phazi.

Galuyo ananunkhiza. Anayang'ana anthuwo mmodzimmodzi. Kenako anaika mlomo m'madzi n'kuyamba kukhapira, ndipo pabwalo ponse pankangomveka lilime lake. Anamwa mpaka beseni linayamba kuyenda.

"Uyu alibe chiwewe," anatero a Jonasi akuvula magolovesi. "Vuto lake ndi utitiri. Mayi, mwana wanu wapulumuka."

Filomena anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Sanalire. Anangogwira mutu, akupuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

A Jonasi anatsamiritsa buku pa chishalo cha njinga n'kulemba. Galu waonedwa tsiku la khumi, ali bwino, wolumidwa safunika jakisoni. Anasaina, anadinda chidindo, n'kuika kalatayo m'thumba la malaya.

"Ndikaisiya ndekha kuchipatala lero," anatero. "Kuli bambo wina wa ku Chiosya amene analumidwa ndi nkhandwe. Akudikira botolo lomwelo."

"Am'patse ndithu," anatero Filomena. "Mulungu amuchiritse."

Njinga itapita, Filomena anapita pakhonde n'kugwada.

"Bambo, pakamwa panga panatuluka zambiri. Unali mtima wa ubereki. Mundikhululukire."

A Maliko anasiya kuswa mtedza, koma sanamuyang'ane kumaso.

"Zinatha zimenezo, amake Stelia. Tonse ndife makolo."

A Esitele analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka mtedza. "Mukam'kazingire mwanayo," anatero motsitsa mawu. Anatsegulanso pakamwa ngati pali china, koma amuna awo anatsokomola, iwo n'kubwerera kukatenga tsache.

Filomena anasenza kathumbako n'kulowa njira ya ku esiteti. Kwa nthawi yoyamba m'masiku khumi, anayenda osathamanga. Pamene ankadutsa munda wa chinangwa anali atayamba kuimba nyimbo ya kwaya.

A Maliko anadikira mpaka nyimboyo itasiya kumveka. Kenako anapita pa mtengo wa mango n'kuyamba kumasula chingwe.

"Uyu ndikam'bweze kwa alamu dzuwa lisanalowe, tisanayambe kufunsidwa," anauza akazi awo. "Inu tengani khasu mukawonjezere dothi kuseri kwa khola. Galu wathu woluma mwana uja tinam'kwirira mothamanga, ndipo wayamba kununkha."