Chipewa cha Pobzala Nzama

Tsiku limenelo kunachita mitambo koma mvula sinagwe. A Gomani anakhala pakhonde atagwira foni ya malemu mkazi wawo. M'menemo munali zonse zimene mayiyo analemba pa zaka makumi awiri: za mbewu, za matenda a nkhuku, za nthaka ya kudimba.

Lamulo linali loti munthu akamwalira, zolemba zake zilowe m'nkhokwe ya mudzi yosungira zolemba pa makina chaka chisanathe, apo ayi zifufutidwe zonse. Koma makina a nkhokweyo ankasefa n'kutaya chilichonse chosakhudza ntchito. Tsiku lomaliza linali lomwelo.

Mwana wawo Tiyamike anawerenga mokweza zina zimene mayi ake analemba: "Nzama muzibzala pa mvula yachiwiri. Inunso bambo a Tiya, muzivala chipewa, dazilo lingapse."

Anayamba kuseka, koma analeka msanga.

"Apapa makina aja achotsapo, bambo. Ati ndi macheza."

"Si macheza."

"Nanga n'chiyani?"

"Kabzalidwe."

Ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, a Gomani anasamutsira mawu a chipewawo pa mndandanda wa zofunika pobzala nzama, pakati pa khasu ndi mbewu. Anatumiza, osadziwa ngati makinawo avomera.

Kenako anavala chipewa n'kupita kumunda.