Bondo la Warsito pa Tsiku la Idi

Panali munthu wina m'tauni ya Klaten, kudziko lina lakutali, dzina lake Warsito, amene ankadyetsa banja lake popalasa njinga yonyamula anthu. Kafupa ka pamwamba pa bondo lake kankaguluka n'kuthawira pambali, ndipo anavutika nako zaka zambiri. Pomaliza anamuchita opaleshoni. Anangoboola timabowo tiwiri n'kumasula mnofu umene unkakokera kafupako kumbali.

Dokotala anati, "Bambo, kunjaku kupola msanga, koma m'kati muchedwa. Musagwade mpaka nditakuuzani. Popemphera muzikhala pampando."

Warsito anamvera, ngakhale mpandowo unkamuchititsa manyazi mumzikiti. Mwezi wosala kudya unatha, Idi inafika, tsiku limene, pamwambo wa kumeneko, ana amayenda chogwada mpaka pamiyendo ya makolo awo kukapempha chikhululuko.

Ali m'njira yopita kwa amayi a Warsito, mkazi wake Sumirah anati, "Bambo a Tini, lero mungogwira dzanja la amayi basi. Mulungu akuona."

"Ndamva," anayankha motopa.

Atafika, mkulu wake Parjo anamukweza nsalu imene anamanga m'chiuno. "Tione balalo. Aa! Timabowo timeneti? Udzudzu umaluma kuposa apa! Ndiye ukaime njo pamaso pa amayi ngati bwana?"

Abale anaseka. Amayi ake ali pampando anati, "Usagwade mwanangu, tangobwera."

Koma Warsito anagoneka ndodo yake pansi n'kugwada. Anangoyenda pang'ono, bondo linamveka kuti tho! Anagwera cham'mbali asanawakhudze amayi ake. Pofika madzulo linali litatupa ngati kokonati.

Atapita naye kuchipatala, dokotala anausa moyo. "Zang'ambika m'kati. Tiyesanso, koma zopalasa njinga muiwale."

Sumirah, amene amafotokoza nkhaniyi, akuti amayi aja anabwera kuchipatala. Anayamba kusisita mutu wa mwana wawo. Kenako anati, "Ine ndinali nditakukhululukira usanalowe n'komwe pakhomo. Kodi unkagwadira ine, kapena Parjo?"

Warsito anangotembenukira kukhoma.

Phunziro: Kuchepa kwa bala sikutanthauza kuti m'kati mwapola. Mverani dokotala. Abale akatha kuseka amapita kwawo, ululu umatsala ndi inu ndi ana anu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene angochitidwa kumene opaleshoni, ndipo banja limeneli mulikumbukire m'mapemphero anu.