Botolo la ndere sindibweza

Kkkk anzanga imvani izi. Aphunzitsi a Biology anati mawa aliyense abweretse madzi a ndere tikaone pa microscope, wopanda botolo salowa mu lab. Ine ndakumbukira kutada kale, ndiye ndawakoka achemwali anga a Tiyese mpaka kudamu kwathu kwa Nthache.

Nditangotunga, ndere zonse m'botolomo zaunjikana mbali ya kudamu. Ndalitembenuza, zabwereranso komweko.

Achemwali akuti, "Iwe Deliwe, bweza madzi a eniake!"

Ine ndati, "Eniakewo akalemba mayeso ndi iwowo? Kkkk ayi ndithu."

Pano botolo lili patebulo kuchipinda. Ndere zija zasiya kuloza kudamu. Zinaloza kukhomo, tsopano zikusuntha pang'onopang'ono kulowera kuwindo.

Sindibweza, mu lab ndilowa basi. Koma achemwali, tatsekani windolo.