Kagemu ka Gilang

Foni inalira Ratri atatsegula kale kagemuko.

"Aise, chilichonse chochokera kwa ine usatsegule!" anakuwa Gilang, mnzake wopanga naye magemu. "Akaunti yanga andibera. Amene akutumiza zimenezo ndi akuba!"

Ratri anayang'ana pakompyuta. Uthenga wa dzina la Gilang uja unali pomwepo: "Tandiyesereko kagemu kanga katsopano." Mumzinda uno wa Bandung mnzako akakupempha zotere, sukana. Kompyuta inachenjeza ndithu kuti muli vairasi, koma iye anangotseka chenjezolo osaliwerenga n'komwe. Nanga si imatero ndi gemu iliyonse yopangira pakhomo, ngakhale zake zomwe?

"Watsegula eti?" anafunsa Gilang.

Ratri anadula foni, nazula waya wa intaneti. Anayesa kulowa mu akaunti yake pafoni, koma inamukana. Anayesanso, inamukananso. Mmenemo munali mayina a anzake onse ndi abale omwe.

Kenako Nining, mng'ono wake, anasuzumira pakhomo atanyamula laputopu.

"Achemwali, kagemu mwanditumizira kaja sikakuonetsa kanthu. Chenjezo lija ndatseka, monga munandiphunzitsira muja."