Opalo ya Lyle ndi Safiro Yanga

Panali munthu wina dzina lake Lyle Petrak. Ameneyu ndiye anandilakwira m'tauni ya migodi ya Lightning Ridge mu 1978, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire.

Ine ndi Lyle tinkakumba miyala ya mtengo wapatali yotchedwa opalo m'dzenje limodzi. Pangano la okumba limadziwika: mwala uliwonse wotuluka m'dzenje ndi wa anthu awiri. Komanso tonse tinkafuna mkazi mmodzi, Noreen, amene ankaphika m'lesitilanti ina m'tauni.

Woyamba kufunsira ndinali ine. Ndinamupititsira safiro, mwala wina wa mtengo wapatali wabuluu woderako, yomwe ndinakumba ndekha ku Anakie. Anaitembenuza m'manja n'kunena kuti, "Ndiganize kaye."

Akuganiza choncho, Lyle anapeza opalo yakuda pansi penipeni pa dzenje lathu, m'dongo lonyowa. Anaibisa m'tsaya n'kukwera nayo kumtunda, ine ndili kalikiliki kukoka ndowa za dothi kuchokera m'dzenjemo. Tsiku lonse sanayankhule, ati dzino likumupweteka. Ine chitsiru ndinakamugulira mankhwala.

Patatha milungu itatu ndinalowa m'lesitilanti muja masana, n'kupeza Lyle ali ndi Noreen, miyala iwiri ili patebulo, opalo ya Lyle ndi safiro yanga. Yakeyo anali ataidula ndi kuisalaza kale, ikuyaka zofiira ndi zobiriwira. Yanga pambali pake inkangooneka ngati chibenthu cha botolo. Mtima unandiwawa, ndisaname.

"Waitenga kuti?" ndinamufunsa.

"Anandisiyira malemu amalume," anatero Lyle. "Aise, chotsa kamwala kakoka, Noreen angakasesere kunja ndi nyenyeswa."

Anthu anaseka. Noreen nayenso anaseka, ndipo kuseka kwakeko ndimakumvabe.

Ndinatenga safiro yanga n'kukanda nayo tambula yagalasi. Inasiya mzere.

"Achemwali," ndinatero, "mwala wa mphete ndi uwu. Muuike pamoto, muugwetse pansi, sumva kanthu. Opalo ndi yofewa ngati galasi, ndipo mkati mwake muli madzi. Ya m'dongo lonyowa timaisiya chaka chathunthu kuti iume pang'onopang'ono, tione ngati ilimbe. Iwe Lyle, imeneyi yauma liti?"

"Nsanje, aise," anatero Lyle. "Nsanje ikupha."

"Inu mwandiwonongera tambula," anatero Noreen. Anasankha opalo.

Za chaka chodikira Lyle ankazidziwa bwino ngati ine ndemwe. Koma ankaopa kuti akadikira, Noreen andilola.

Ukwati anaukonza wa mu Febuluwale, kukutentha koopsa. Noreen ankavala mphete ya opalo ija tsiku lililonse, kutsuka nayo mbale m'madzi otentha, kutuluka nayo padzuwa kuti aliyense aione. Ine ndinkaiona pachala chake akundipatsira tiyi, tiyiyo osakoma. Januwale asanathe, mwala unadzaza ming'alu ngati ukonde wa kangaude, moto wake wonse zii.

Noreen anapita nawo kwa mayi Halloran, odula miyala. Iwo anauyang'ana pagalasi lawo n'kugwedeza mutu.

"Amalume ake ati, mwana wanga? Mwala wakale ukafuna kung'aluka umang'aluka kalekale. Uwu watuluka pansi miyezi yomweyi. Nanga Lyle ali ndi maenje angati?"

Dzenje anali nalo limodzi lokha, lathu lija. Dzuwa lisanalowe tauni yonse inali itamva kuti Lyle anabera mnzake wa m'dzenje. Noreen anamubwezera mphete anthu akuona.

Ine ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinameta ndevu, ndinavala malaya ochapa, ulendo kulesitilanti.

"Mwabwera kudzanena kuti munanena?" anandifunsa Noreen.

"Inde ndinanena," ndinayankha.

Anatembenuka n'kulowa kukhitchini. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi dalaivala wa lole yonyamula nkhosa wa ku Walgett, munthu amene sanamupatse ngakhale kamwala ka mumsewu. Pakanapanda Lyle, mkazi ameneyo akanakhala wanga.

Kuno munthu wobera mnzake palibe amene amalowa naye pansi. Lyle anayamba kukumba yekha, kumtunda kopanda womumvera. Mu 1981 denga la dzenje linamugwera. Anamupeza atafa patatha masiku anayi.

Phunziro: Usabere munthu amene amakukokera ndowa, ndipo chofunika chaka usachithamangitse milungu itatu. Inunso akazi, mwala musamauone kuwala kokha, muzifunsa ngati ungapirire madzi otsukira mbale. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka amene amaseka munthu akamawachenjeza.