Kabuku ka Mankhwala ka a Nedyalko

Pa famase ya ku Karnobat, mayi amene anali patsogolo panga anapereka kabuku ka amuna awo, a Nedyalko, kolandirira mankhwala a mtima aulere. Mtima wodwala unali wa mayiwo, koma iwo sanali m'gulu la olandira aulerewo.

"Bambo akupeza bwanji, Mayi Stoyanka?" anafunsa wogulitsayo.

"Akuyesera, mwanangu."

Wogulitsayo analoza pawindo. Pamtengo panjapo, mchemwali wa a Nedyalko anali atangokhoma pepala la chikumbutso: chithunzi cha a Nedyalko, masiku makumi anayi chimwalirireni.

"Akuonekadi bwino, mpaka avala tayi," anatero wogulitsayo, akubweza kabokosi ka mankhwala pashelefu. "Wotsatira!"

Dzanja la mayiwo linali likadali pakauntala. Wotsatirayo ndinali ine, ndipo ndinasendera kutsogolo.