Mchere wa Amama Damaris

Panali munthu wina ku Chikwa, mayi wachikulire, dzina lake Damaris. Zinachitika nthawi ya Chitaganya, ndipo amene anaziona amalumbira kuti n'zoona.

Msana wake unapindika. Tsiku lina anangoterereka pang'ono pamtondo, mkono thyo! Mwana wake Meshack, wogwira ntchito kumigodi, anamutengera kuchipatala cha komweko. Dokotala anati mafupa afumbwa ndi ukalamba, napereka timapiritsi.

"Koma mukaona magazi ngati a kumwezi, musiye kumwa, mubwere kuno," anatero dokotala.

Damaris anaseka. "Ine? Ndinasiya zimenezo Meshack asanamere ndevu!"

Atabwerera kumudzi, msana unayamba kupepuka. Kenako mabere kutupa. Kenako, abale inu, magazi! Nkhalamba ya zidzukulu, akanauza ndani? Ankachapa nsanza zake kumtsinje mobisa, mapiritsi osasiya poopa msana.

Manje vuto linali mchere. Paja mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amati angadule a m'nyumba. Ndiye mkazi wa Meshack, Doris, akafika masiku ake ankaitana: "Amama, tithirireniko mchere." Kukana, akanafunsidwa chifukwa. Damaris ankangothira.

Chaka chimenecho chifuwa chokoka mtima chinagwira ana mudzi wonse. Abraham, kamwana kotsiriza ka Doris, sikanapole. Maliro atangotha, Doris anapeza nsanza zija zitayanikidwa m'bango.

"Amama, izi n'za yani?"

"Mwanawe, ndi mapiritsi aja..."

"Mapiritsi? Munatidyetsa mchere muli chonchi? Mwandidulira mwana, mfiti inu!"

Meshack atafika kuchokera kumigodi, Damaris anamugwira mwendo. "Unalipo iwe, dokotala ananena. Auze!"

"Ananenadi kuti musiye," anayankha Meshack, maso ali kumbali. "Munasiya?"

Anamumangira Damaris kanyumba kumapeto kwa mudzi. Mapiritsi anawataya mumtsinje wa Luangwa, magazi analeka, ululu wa msana unabwerera. Ankakazingira zidzukulu nsawawa n'kuziitana mayina, koma zinaletsedwa kulandira kanthu m'manja mwake. Nsawawazo zinkadyedwa ndi nkhuku.

Phunziro: Mankhwala olimbitsa mafupa amatha kubweretsa zachilendo m'thupi. Mukaona choncho, amayi, nenani msanga, bwererani kuchipatala. Manyazi sadzakutungirani madzi. Ndipo inu ana, funsani bwino musanatche mayi anu mfiti. Werengerani anzanu nkhaniyi, makamaka amene akusunga apongozi pakhomo.